Zolemba za ntchito: pologalamu ya pa wailesi ya nyimbo ya "I Got a Woman"

Kumayambiriro kwa Malichi

Akuluakulu oyang'anira mapologalamu avomera kuti gawo loyamba la mndandanda wathu wa mbiri ya nyimbo likhale la "I Got a Woman", nyimbo ya chamba cha rhythm and blues imene Ray Charles anajambula mu 1954, yomwe pambuyo pake inalowa m'chimbale chake choyamba. Tapatsidwa mphindi 30, ndipo ntchito tagawana motere: ine ndisonkhanitsa mfundo ndi kulemba mawu oti awerengedwe, mnzanga wa ku situdiyo asamalira zamamvekedwe, pomwe mayi amene amaulutsa mapologalamu amadzulo ndiwo adzawerenge. Pamsonkhano panali ena amene ankafuna kuti tiyambe ndi "What'd I Say" ya 1959 kapena "Georgia on My Mind" ya 1960 poti ndizo zimene omvera ambiri amazidziwa, koma ndinaumirira pa iyi chifukwa nyimbo ziwirizo anaziimba atakhazikika kale pa kaimbidwe kake, pamene mu "I Got a Woman" munthu amamva kaimbidweko kakuyamba kumene.

Chofunika kuchilongosola msanga kwa omvera ndi kutalikirana kwa zaka za nyimboyi ndi za chimbalecho. Nyimboyi inatuluka mu Disembala 1954 pa kambale ka nyimbo ziwiri, kuseri kwake kuli "Come Back Baby", koma chimbale chotchedwa "Ray Charles" kampani ya Atlantic inachitulutsa mu 1957, ndipo mu 1962 inachitulutsanso ndi dzina lakuti "Hallelujah I Love Her So". Munthu wa masiku ano akamva kuti nyimbo ndi ya m'chimbale choyamba amaganiza kuti woyimbayo analowa mu situdiyo, n'kujambula chimbale chonse, kenaka n'kusankhapo imodzi yoti itsogole. Panthawiyo zinkayenda chammbuyo. Anthu akuda a ku America ankagula timbale tating'ono tozungulira maulendo 78 kapena 45 pa mphindi, ndipo ambiri ankamvera nyimbozo pa wailesi ndi pa makina oponyamo ndalama a m'malo omwera, otchedwa jukebox. Chimbale chachikulu chinkabwera pambuyo, kudzasonkhanitsa zimene zinagulitsidwa kale bwino. Nyimbo 14 za m'chimbale cha 1957 zinajambulidwa m'zaka zosiyanasiyana kuyambira 1953, ndipo "I Got a Woman" anaiika kumapeto kwenikweni.

Pakati pa Malichi

Mbiri ya moyo wa Ray Charles ndaimaliza ndipo ndaifupikitsa dala kuti isapitirire mphindi zinayi. Anabadwa pa 23 Sepitembala 1930 ku Albany m'chigawo cha Georgia, anakulira ku Greenville m'chigawo cha Florida, anasiyiratu kuona ali ndi zaka 7, ndipo nyimbo anaziphunzira pa sukulu ya ana osamva ndi osaona ya ku St. Augustine kuyambira 1937 mpaka 1945. Mu 1948 anasamukira ku Seattle, ndipo chaka chotsatira nyimbo ya "Confession Blues" inamudziwikitsa. Omvera akhoza kuzipeza zimenezi kwina kulikonse, choncho sitichedwapo.

Pamene ndikufuna kuti tichedwepo ndi pa zaka zimene ankaimba motsanzira Nat King Cole ndi Charles Brown, chifukwa popanda kumva mawu ofatsa ndi osalala a nthawi imeneyo, womvera sangazindikire kukula kwa kusintha kumene kunachitika mu 1954. Ndapempha mnzanga wa ku situdiyo kuti adule kachigawo ka "Baby Let Me Hold Your Hand" ya 1951, imene anajambula ali ku kampani ya Swing Time, kuti tikaike pafupi ndi chiyambi cha nyimbo yathu. Titaziyesa motsatizana, mnzangayo anafunsa ngati woyimbayo alidi munthu mmodzi, ndipo funso limenelo ndilo ndikufuna kuti omvera adzifunse okha tisanawauze chilichonse.

Kampani ya Atlantic, imene Ahmet Ertegun ndi Herb Abramson anaikhazikitsa mu 1947, inagula mgwirizano wa Ray Charles ku Swing Time mu 1952 pa mtengo wa madola 2,500. Jerry Wexler analowa m'kampaniyo mu 1953, ndipo ndi yemweyo amene ali mtolankhani wa magazini ya Billboard anathandiza kuti mu 1949 mndandanda wa nyimbo za anthu akuda zogulitsidwa kwambiri usiye kutchulidwa ndi dzina losonyeza mtundu wa anthu n'kuyamba kutchedwa rhythm and blues. Poyamba Atlantic inkamujambula Ray Charles pamodzi ndi oyimba aganyu a ku New York, ndipo umo ndi mmene "Mess Around" ya 1953 inatulukira. Chaka chomwecho ali ku New Orleans, iye ndiye anakonza zida ndi kuimba piyano pa "The Things That I Used to Do" ya Guitar Slim, nyimbo imene inagulitsidwa kwambiri. M'mawu owerengedwa ndalemba kuti ntchito imeneyi iyenera kuti inamulimbitsa mtima kuti angathe kudziyendetsera gulu lake, ndipo ndasamala kuti zimveke kuti amenewa ndi maganizo athu. Chotsimikizika n'chakuti mu 1954 anapanga gulu lake laling'ono la malipenga, ng'oma ndi besi, n'kuyamba kuyenda nalo m'zigawo za kumwera kwa America.

Kumapeto kwa Malichi

Gawo la tsiku lojambula lalembedwa. Ertegun ndi Wexler anamutsatira ku Atlanta, anakamva gululo ku malo azisangalalo a Royal Peacock mumsewu wa Auburn Avenue, ndipo pa 18 Novembala 1954 anajambula nyimbo zinayi mu situdiyo ya wailesi ya WGST, yomwe inali ya sukulu ya Georgia Tech. Kupatula ziwiri zimene zinatuluka pa kambale kamodzi zija, anajambulanso "Greenbacks" ndi "Blackjack". Wexler ankasimba kuti ankakakamizika kuimitsa kujambula nthawi ya nkhani ikakwana, popeza zipangizo zinali zomwezo zoulutsira mawu. Ife a pa wailesi mfundo imeneyi yatiseketsa kwambiri, chifukwa nafenso timajambula pologalamuyi m'mipata imene situdiyo ili yopuma, ndipo mayi owerenga apempha kuti isachotsedwe ngakhale nthawi itachepa.

Pa kambale koyambako nyimboyi inalembedwa kuti "I've Got a Woman", nambala yake ya Atlantic ndi 1050, ndipo olemba ake ndi Ray Charles ndi Renald Richard, woyimba lipenga amene ankamuthandiza kutsogolera gululo m'miyezi imeneyo. Richard anafotokoza kuti ali paulendo wa pagalimoto anamva pa wailesi nyimbo yauzimu, ndipo anayamba kuseweretsa mawu ake mpaka panatuluka nyimbo ina. Nyimbo yauzimuyo ndi "It Must Be Jesus" ya gulu la Southern Tones, imene inatuluka chaka chomwecho cha 1954. Mu 1955 "I Got a Woman" inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa rhythm and blues wa Billboard, ndipo aka kanali koyamba kuti Ray Charles afike pamenepo.

Tapeza nyimbo ya Southern Tones yomveka bwino ndithu, ndipo tatha madzulo athunthu tikumvetsera ziwirizi mosinthanitsa. Kufanana kwake sikofunika katswiri kuti akuone, chifukwa mayendedwe a mzere woyamba ndi amodzimodzi, ndipo munthu akhoza kuimba mawu a ina pamwamba pa inzake osapunthwa. Kusiyana kwake ndiko kwatipatsa ntchito yambiri. Gulu la Southern Tones limadalira mawu a amuna angapo ovomerezana, pamene Ray Charles ali yekha pa mawu, ndipo ntchito ya ovomera anaipereka kwa malipenga. Nyimbo yake imayamba ndi mawu ake okha, akukoka liwu limodzi n'kulikweza zida zonse zili chete, kenaka gulu limagweramo pamodzi. Mkati mwa ndime amalola mawu kusweka n'kudumphira m'mwamba, chinthu chimene woyimba wa m'malo olemekezeka a nthawiyo akanachiona ngati cholakwika choyenera kujambulanso. Pakati pali chigawo cha sakisofoni cha Don Wilkerson, pomwe David "Fathead" Newman akugwira sakisofoni ya mawu aakulu pansi pake, ndipo chikatha chigawocho gulu limayamba kugunda kamodzi n'kuima, kugunda kamodzi n'kuima, kusiya mawu a woyimba akuyenda okha m'mipatamo. Zonsezi zimachitika m'mphindi zosakwana zitatu.

Mnzanga wa ku situdiyo anafuna kuyeretsa mamvekedwe ndi kuwatambasula kuti afanane ndi nyimbo za masiku ano, popeza nyimboyi inajambulidwa mawu onse akutulukira njira imodzi. Tagwirizana kuti angochepetsa phokoso la kambale ka Southern Tones ndi kulinganiza kukwera kwa mawu a nyimbo ziwirizo, koma asasinthe china chilichonse. Omvera athu ambiri amamvera pa foni ndi pa mawailesi ang'onoang'ono, ndipo pa zipangizo zoterozo nyimbo yojambulidwa mwanjira yakaleyi imamveka bwino kuposa zambiri zatsopano.

Kumayambiriro kwa Epulo

Tinaitana bambo wina amene watsogolera kwaya ya pa mpingo wawo kwa zaka zambiri kuti amvetsere nyimbo ziwirizi ndi kutiuza zimene akumva, osawafotokozera mbiri yake. Kucheza kwathu kunatalika kuposa mmene tinakonzera, ndipo ndikuona kuti ndiko kudzakhale pakatikati pa pologalamuyi. Atamva ya Ray Charles, asanamvetse n'komwe mawu ake achingerezi, ananena kuti munthu ameneyu anakulira m'tchalitchi. Nditawafunsa kuti, "Bambo, mwadziwa bwanji?" anawomba m'manja motsatira nyimboyo kutisonyeza pamene mpingo ukanawombera, kenaka anatiuza kuti timvetsere mmene woyimbayo amachedwera dala kulowa mu mzere kenaka n'kuthamanga kuti apeze anzake, monga amachitira wotsogolera nyimbo akafuna kudzutsa mpingo umene ukuwodzera. Pa chigawo chimene gulu limagunda n'kuima, anati pamenepo woyimbayo wasiya kuimba ndipo akulalikira.

Titawauza zimene mawu ake akunena, nkhope yawo inasintha. Anati kutenga nyimbo yotamanda Mulungu n'kuikamo dzina la mkazi ndi kulanda chinthu cha pa guwa, ndipo kuti iwo sakanalola wa m'kwaya mwawo kuchita zotero ngakhale ataimba bwino chotani. Sitinawatsutse, ndipo mawu awowo tiwaulutsa monga anawanenera, chifukwa ndi omwewo amene abusa ndi akhristu ambiri akuda a ku America ananena nyimboyi itatuluka. Ngakhale Big Bill Broonzy, amene anali woyimba blues osati mbusa, anadandaula poyera kuti Ray Charles akusakaniza nyimbo zakudziko ndi zauzimu, ndipo kuti mawu oterowo malo ake ndi m'tchalitchi. Mkangano umenewu omvera athu sakufunika kuwamasulira, popeza amaudziwa kuchokera ku mipingo yawo nthawi iliyonse pamene woyimba nyimbo zauzimu wabweretsa magule amene ena amawaona kuti ndi a kumalo omwera.

Maganizo anga, amene ndawaika m'mawu owerengedwa mosabisa, ndi akuti chimene Ray Charles anatenga m'tchalitchi chinali chachikulu kuposa mayendedwe a nyimbo imodzi ya Southern Tones. Akanangobwereka mayendedwewo n'kuwaimba ndi mawu osalala a 1951 aja, palibe akanakwiya ndipo palibe akanaikumbukira. Iye anatenga kufuula, kubuula, kuchedwa ndi kuthamanga, zinthu zimene anthu a kwawo ankazisungira nthawi yopemphera, n'kuzigwiritsa ntchito pouza anthu za chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Okwiyawo anamva bwino lomwe chimene chinachitika, ndipo sindikufuna kuti pologalamuyi iwaonetse ngati anthu osamvetsa zinthu.

Pakati pa Epulo

Mkonzi wathu anawerenga zolembazo ndipo anafuna kuti tinene kuti iyi ndiyo nyimbo yoyamba ya chamba cha soul, chifukwa chiganizo chotero chimakoka omvera. Ndakana kulemba motero. Anthu ambiri olemba za nyimbo amaitchula ngati chimodzi mwa ziyambi za soul, ndipo zimenezo tidzanena, koma njira ya pakati pa tchalitchi ndi malo azisangalalo inali yopondedwa kale mbali zonse ziwiri. Thomas A. Dorsey, amene amatchedwa tate wa nyimbo za gospel, anayamba n'kuimba blues pa dzina la Georgia Tom asanatembenukire ku nyimbo zauzimu, ndipo anapita nako kutchalitchi kaimbidwe ka blues. Sister Rosetta Tharpe ankaimba nyimbo zauzimu ndi gitala m'malo azisangalalo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti Ray Charles anachita zimenezi poyera, pa dzina lake lenileni, ndipo anabwerezanso mu 1955 pamene anasandutsa "This Little Light of Mine" kukhala "This Little Girl of Mine". Kuti omvera aone kulemera kwa nkhani ya dzinali, ndawonjezera chiganizo chimodzi cha Sam Cooke, amene potulutsa nyimbo yake yoyamba yakudziko mu 1957 anabisala m'dzina la Dale Cook poopa kukhumudwitsa otsatira ake a m'mipingo. Mkonzi wavomera, ngakhale wati gawoli latalika.

Nkhani ina imene inabuka ndi ya mawu a nyimboyi pa amayi. Woyimbayo akutamanda mkazi wokhala kutsidya lina la tauni amene amamusamala, amamupatsa ndalama akasowa, sadandaula, ndipo amadziwa kuti malo a mkazi ndi pakhomo. Mayi owerenga ananena mosapita m'mbali kuti iwo sangawerenge mawu otamanda nyimboyi kwa theka la ola popanda kutchulapo kuti mwamunayo akuyamikira mkaziyo chifukwa cha zimene amapeza kwa iye, pomwe iye mwini sakunena chimene amabweretsa. Ndagwirizana nawo, ndipo tawapatsa mphindi imodzi ndi theka kuti anene zimenezi m'mawu awoawo. Apa ndi pamene tidzalumikize nkhani ya "Gold Digger" ya Kanye West ya 2005, imene inakhala pa nambala 1 pa mndandanda waukulu wa Billboard kwa masabata 10. Mmenemo Jamie Foxx, yemwe anasewera ngati Ray Charles m'filimu ya 2004, amayamba ndi mzere womwe uja atautembenuza kuti mkaziyo ndiye akutenga ndalama. Achinyamata ambiri amene adzamvere pologalamuyi anaimva "I Got a Woman" koyamba kudzera mu nyimbo imeneyi osadziwa, ndiye ndikuyembekezera kuti pamenepa adzatchera khutu.

Kumapeto kwa Epulo

Titawerenga zonse mokweza ndi kuikamo nyimbo, tinapitirira nthawi ndi mphindi zisanu ndi imodzi, choncho tadula. Zachotsedwa ndi nkhani ya mankhwala osokoneza bongo, ya kusamukira kwake ku kampani ya ABC-Paramount mu 1959, ndi ya nyimbo za country za 1962, popeza zonsezi ndi za pambuyo ndipo zikhoza kudzapeza malo m'gawo lina. Ndachotsanso, monyinyirika, mmene Ray Charles anaiimbira nyimboyi pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Newport mu 1958, pamene anaitalikitsa kwambiri kuposa ya pa kambale.

Zatsala ndi mphindi imodzi ya Elvis Presley, amene anajambula "I Got a Woman" pa 10 Januwale 1956 ku Nashville, tsiku lomwe anajambulanso "Heartbreak Hotel", ndipo inalowa m'chimbale chake choyamba mu Malichi chaka chomwecho. Motero nyimboyi inapezeka m'chimbale cha Presley chaka chathunthu isanapezeke m'chimbale cha mwini wake. Mfundo imeneyi ndaisunga chifukwa imaonetsa mmene msika unalili wogawikana m'dziko limene khoti lake lalikulu linali litangogamula kumene, mu Meyi 1954, kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo. Nyimbo ya Ray Charles inalamulira mndandanda wa anthu akuda, koma achinyamata ambiri achizungu anaidziwa kudzera mwa Presley, amene anaithamangitsa ndi kuika magitala pamene panali malipenga.

Dongosolo la pologalamuyi tsopano lakhazikika. Tiyamba ndi kachigawo ka 1951 kutsatizana ndi chiyambi cha "I Got a Woman" popanda mawu aliwonse a woulutsa, kenaka mbiri yachidule, tsiku lojambula ku Atlanta, kucheza ndi bambo a kwaya, mawu a mayi owerenga, ndipo pomaliza nyimbo yonse osaidula. Panali ganizo loti nyimbo yonseyo iikidwe koyambirira, koma ndaona kuti womvera akaimva atadziwa kale zoyenera kumvetsera, makamaka malo amene gulu limagunda n'kuima, mphindi zitatuzo zimamupindulira kwambiri.

Kumayambiriro kwa Meyi

Mawu a mayi owerenga ajambulidwa onse, kupatula ndime ya Wexler ndi Ertegun imene tibwereze chifukwa jenereta inayamba kulira pakati pake magetsi atazima. Tinayeserera katchulidwe ka mayina a Ertegun ndi Renald Richard tisanajambule, ndipo tsopano akumveka bwino. Kucheza ndi bambo a kwaya kwadulidwa kufika pa mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo tawatumizira kuti amve ngati tasunga tanthauzo la zimene ananena, makamaka pamene akutsutsa nyimboyi, popeza sitikufuna kuti adzadabwe ndi mawu awo omwe pa tsiku loulutsa. Ofesi yoona za malamulo yalandira mndandanda wa nyimbo zonse zimene tagwiritsa ntchito pamodzi ndi olemba ake, kuti ulowe m'malipoti a zaumwini amene wailesi imapereka. Mnzanga wa ku situdiyo akusakaniza gawo lomaliza sabata ino, ndipo akangomaliza tidzapereka pologalamuyi kwa mkonzi kuti aimvere yonse ndi kutipatsa tsiku.